Discrete Mathematics yandizunguza mutu, kodi masamu amenewa ndi a chiyani kwa ife a kompyuta?

Yaro_wa_Chikanda:
Moni nonse a m'gulu. Ndine watsopano, ndikuchita computer science ndipo ndikukhala ku Chikanda. Semesita ino tayamba Discrete Mathematics, koma kunena zoona mtima wanga suli m'malo. Ku MSCE masamu ndinakhoza bwino kwambiri, x ndimampeza, ma graph ndimajambula. Kuno tatha masabata atatu tikungoona p ndi q (zilembo zoimira ziganizo), ma truth table (matebulo oonetsa pomwe chiganizo chili choona kapena chabodza), ma set (magulu a zinthu), kenako mawu akuti "prove that". Dzulo ndinakhala maola awiri pa funso loti ndionetse kuti ukaphatikiza manambala awiri a odd umapeza even. Ndinalemba 3+5=8, 7+9=16, 11+13=24, mpaka zitsanzo khumi. Mnzanga wa chaka chachitatu wangoyang'ana n'kunena kuti imeneyo si proof. Ndiye ndili ndi mafunso awiri. Zitsanzo khumi zolondola zikulephera bwanji kukhala umboni? Chachiwiri, zimenezi zindithandiza chiyani? Ine ndinabwera kudzaphunzira kupanga ma app.

Mpondabwino265:
Takulandira mphwanga. Tonse tinadutsa pomwepo, usataye mtima. Safunsa anadya phula, wachita bwino kufunsa sabata yachitatu osati usiku woti mawa ndi mayeso.

NaDatabase:
Mchimwene, ndiyankhe funso loyambalo ndi chitsanzo chomwe chinanditsegula maso ine. Tenga n×n + n + 41. Ikapo n=0, upeza 41, yomwe ndi prime, kutanthauza kuti imagawika ndi 1 komanso iyo yomwe basi. Ikapo 1, upeza 43, prime. Ikapo 2, upeza 47, prime. Pitiriza mpaka 39, zonse ndi prime. Ndi zitsanzo 40 zotsatizana zimenezo, kuposa zako khumi zija. Munthu angalumbire kuti lamuloli silisintha. Ndiye ikapo 40. Upeza 1681, yomwe ndi 41×41. Lamulo lagwa.

Zitsanzo zimangonena za manambala amene wawayesa. Otsalawo sudziwa, ndipo manambala satha. Proof imalankhula za onse nthawi imodzi. Pa funso lakolo uyambire pa tanthauzo: nambala ya odd ndi iliyonse yomwe ingalembedwe ngati 2a+1, pomwe a ndi nambala yathunthu. Ina ikhale 2b+1. Ukaziphatikiza upeza 2a+2b+2, yomwe ndi 2(a+b+1). Nambala yathunthu iliyonse ikachulukitsidwa ndi 2 imapereka even. Basi, mizere itatu, ndipo palibe nambala ya odd pansi pano yomwe ingathawe.

Funso lachiwirilo yankho lake lili momwemu. Pulogalamu ukaiyesa kakhumi n'kuyenda bwino, wangochita zomwe unachita dzulozo. Tsiku lomwe munthu adzalowetse chinthu chomwe sunayese, ndi n=40 wako ameneyo.

KhodiYokha:
Ine ndisakunamize aise. Ndakhala ndikupanga mawebusayiti ku Blantyre zaka zinayi tsopano ndipo sindinajambulepo truth table ngakhale kamodzi. Kasitomala amafuna tsamba lotseguka msanga pa foni, safunsa za p ndi q. Werenga kuti ukhoze, usalembe sapu (mayeso obwereza ukalephera), koma nthawi yako yambiri ithere pa JavaScript ndi Python. Ndi zimene zimabweretsa ndalama.

NaDatabase:
@KhodiYokha achimwene, "if" uja wa mu khodi, wouza pulogalamu zochita ngati chinachake chili choona, mumamulemba kangati pa tsiku?

KhodiYokha:
Kambirimbiri. Koma kulemba if sikufuna semesita yathunthu.

Sadzi_Hill:
Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira ine, mwina muona. Ndili pa attachment pa ofesi ina, sindiitchula, anandipatsa kachigawo ka pulogalamu ya ngongole za gulu la alimi. Lamulo linali loti ngongole apatsidwe munthu amene ali membala komanso wamaliza kubweza ngongole yakale. Ine ndinafuna kulemba mbali yokana, yoti uyu asapatsidwe. Ndinalemba kuti akanidwe amene si membala komanso sanabweze. M'makutu zimamveka bwinobwino. Patapita masiku tinapeza kuti mamembala omwe anali ndi ngongole zakale akudutsa onse, chifukwa pulogalamu imakana yekhayo wolephera mbali zonse ziwiri. Zoyenera zinali zoti akanidwe amene si membala kapena sanabweze. Ukatembenuza chiganizo chokhala ndi "komanso", "komanso" uja amasanduka "kapena". Limeneli ndi lamulo la De Morgan, lomwe tinaphunzira sabata yachiwiri ine ndikuliona ngati lotaya nthawi. Zinandiwawa chifukwa zinali ndalama za anthu osauka, ndipo truth table ya mizere inayi yokha ikanandigwira dzanja.

Mphunzitsi_wa_ku_Domasi:
Ana anga, ine ndine mphunzitsi wa masamu ku sekondale, ndipo gululi ndinalowa chifukwa ana omwe ndinawaphunzitsa ali ku yunivesite kumeneko. Mundilole ndiikepo mlomo.

Vuto la logic si Chingerezi ayi, ngakhale pa Chichewa chathu lilipo. Mayi a pa lesitilanti akakufunsa kuti "nsima kapena mpunga?" akutanthauza usankhe chimodzi. Koma chikwangwani chikanena kuti alowe okhawo ali ndi chiphaso cha unzika kapena pasipoti, amene ali nazo zonse ziwiri sabwezedwa pakhomo. Liwu ndi limodzi, matanthauzo awiri. Ife anthu timamva malinga ndi pomwe tili. Kompyuta ilibe nzeru imeneyo, n'chifukwa chake pali OR, wolola zonse ziwiri ngati wa pa chikwangwani uja, ndi XOR, wosankha chimodzi ngati wa nsima uja, aliyense ndi tebulo lake.

Chinanso, tamverani ziganizo ziwiri izi: "Ana onse sanabwere" ndi "Si ana onse anabwera." Choyamba kalasi ili mbee. Chachiwiri mwina wajomba ndi mmodzi yekha. Ma quantifier amene mukuphunzirawo, A wozondoka (woimira "onse") ndi E woyang'ana kumbuyo (woimira "alipo wina"), nkhani yake ndi yomweyi. Kuti utsutse munthu wonena kuti onse anabwera, sukufunika kuonetsa kuti onse anajomba. Peza mmodzi amene anajomba, mlandu watha. Ndi zomwe wachita mwana wanga NaDatabase ndi 40 uja.

Ndivomerenso kuti ife a ku sekondale timathamangira mayeso. Timaphunzitsa mwana njira yopezera yankho, nthawi yofunsa kuti n'chifukwa chiyani njirayo imagwira ntchito imatichepera. Ndiye mwana wokhoza bwino akafika kumeneko n'kudodoma, si kuti nzeru zamuthera. Akufunsidwa funso lomwe sanafunsidwepo.

Yaro_wa_Chikanda:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, komanso achemwali NaDatabase. Za 41 zija ndayesa pa foni, n'zoonadi. Koma pali china chikundikanika kumeza. Pa tebulo la "ngati p ndiye q", akuti p ikakhala yabodza chiganizo chonse ndi choona. Zingatheke bwanji?

Mphunzitsi_wa_ku_Domasi:
Uchione ngati lonjezo. Bambo wauza mwana kuti, "Ukakhoza mayeso ndikugulira njinga." Mwana wakhoza, njinga yagulidwa: bambo wasunga mawu. Mwana wakhoza, njinga palibe: bambo wanama. Mwana walephera, njinga palibe: kodi bambo wanama? Ayi. Mwana walephera koma bambo wamugulirabe njinga mwa chifundo: wanama? Ayinso, chifukwa sananene zomwe adzachite mwana akalephera. Pa njira zinayizi, bodza lili pamodzi pokha.

Chinamwali_Boy:
Komatu aphunzitsi kwathu bambo akatero aliyense amamva kuti ukalephera njinga kulibe. Mwanayo sangayembekezere kanthu.

Mphunzitsi_wa_ku_Domasi:
Ukunena zoona, pakhomo timamva choncho. Koma chomwe wamvacho ndi chiganizo china, chakuti "ukakhoza, ndipo pokhapokha ukakhoza". Masamu amachilemba padera ndi muvi wa mitu iwiri. Ambiri amagwa mayeso posokoneza ziwirizi. Mvula ikagwa bwalo limanyowa, koma ukapeza bwalo lonyowa usathamangire kunena kuti kwagwa mvula, mwina wina wataya madzi otsukira mbale. Chomwe unganene mosakayika n'chakuti bwalo likakhala louma ndiye kuti mvula sinagwe. Imeneyo ndiye contrapositive, ndipo udzaigwiritsa ntchito kwambiri pa ma proof.

WaBawo:
Ine gawo lomwe linandikoma ndi la mod, kutanthauza chotsala ukagawa nambala ndi inzake. Agogo anga sanapite kusukulu koma pa bawo sankagonja, ankadziwiratu pomwe dzanja likathere asanatole n'komwe. Bawo lili ndi maenje 32, aliyense ake 16, ndipo umafesa mozungulira mbali yako. Tawerenga maenje ako kuyambira 0 mpaka 15. Ukatola timiyala 9 pa dzenje la 11, kotsiriza kakagwa pa 20, koma 20 kulibe, wazungulira, ndiye ndi pa 4. Ndi 20 mod 16 imeneyo. Chimodzimodzi masiku: lero Lachitatu, pakatha masiku 100 lidzakhala liti? 100 ukagawa ndi 7 patsala 2, ndiye Lachisanu. Tsiku lomwe anatiphunzitsa zimenezi ndinakumbuka agogo mpaka misozi inalengeza.

Mpondabwino265:
Bawo lenileni lili pa msika wa Zomba masana, madala aja amawerenga mafeso atatu anayi kutsogolo. Ndinayesako kamodzi, anandidya zonse mphindi zosakwana khumi.

Chinamwali_Boy:
A ku Songani ndiye akatswiri, a mu tauni sangawafike.

Mai_Landlord_Matawale:
Pepani ndalowerera, ndaona pali ophunzira ambiri pano. Ndili ndi chipinda chimodzi chotsala ku Matawale cha atsikana awiri, madzi ndi magetsi zilipo. Wofuna andipeze ku inbox.

Sadzi_Hill:
Amayi, za nyumba zili ndi tsiku lake Loweruka, apa tisamusokoneze mwanayu.

Kabaza_Graph:
Tibwerere ku nkhani. Mphwanga, pirira mpaka mufike pa graph theory, ndi pomwe udzaone kompyuta ikutuluka m'masamuwa. Graph ya kuno si ya x ndi y ija. Ndi timadontho ndi mizere yolumikiza timadonthoto, basi.

Chiyambi chake ndi mzinda wa Königsberg, womwe lero ukutchedwa Kaliningrad. Mtsinje wa Pregel unagawa mzindawo zigawo zinayi ndipo panali milatho isanu ndi iwiri. Anthu ankafunsana ngati munthu angayende n'kuwoloka mlatho uliwonse kamodzi kokha. Mu 1736 Leonhard Euler anaonetsa kuti n'zosatheka, ndipo sanachite kuyesa njira zonse. Anati kutalika kwa misewu kulibe ntchito, chofunika ndi kuwerenga milatho yofika pa chigawo chilichonse. Ukalowa pa chigawo ndi mlatho wina uyenera kutuluka ndi wina, ndiye milatho yake ikhale iwiriiwiri, kupatula pomwe wayambira ndi pomwe wathera. Choncho zigawo zokhala ndi milatho ya odd zisapitirire ziwiri. Ku Königsberg chigawo china chinali ndi milatho 5, zitatu zinazo 3 chilichonse. Zonse zinayi odd. Nkhani inathera pomwepo.

Tsopano tenga Zomba wathuyu. Chinamwali, Matawale, msika, Chikanda, Sadzi akhale madontho, misewu ikhale mizere, pa mzere uliwonse ulembepo mphindi zomwe wa kabaza amatenga. Funso loti njira yachidule kuchoka apa kufika apo ndi iti lili ndi algorithm yake, ndondomeko yopezera yankho, yomwe Edsger Dijkstra anasindikiza mu 1959, ndipo maganizo omwewo ndi amene ali pansi pa mapulogalamu a mapu komanso ma router ena osankha njira ya data pa intaneti. Iwe ukufuna kupanga ma app. Tsiku lina wina adzakupempha app yotumizira katundu mu tauni muno, udzayambira pati ngati graph sukuidziwa? Ngakhale timetable ya mayeso ndi graph: phunziro lililonse ndi dontho, maphunziro awiri okhala ndi wophunzira mmodzi yemweyo uwalumikize, kenako upereke nthawi mwakuti olumikizana asakumane.

KhodiYokha:
Zonsezo zili ndi ma library kale, khodi yomwe ena analemba yoti ungotenga n'kugwiritsa ntchito. Ndimangoitana Google Maps, Dijkstra anagwira kale ntchito yake.

Kabaza_Graph:
Mpaka tsiku lomwe kanjira ka wapansi kodutsa pa Likangala kalibe pa mapu awo, kapena kasitomala alibe ndalama yolipira. Komanso library suiitana ngati sunazindikire kuti vuto lili patsogolo pakolo ndi graph.

KhodiYokha:
Chabwino, pamenepo ndikuvomera pang'ono, ndipo ndinene chilungamo chifukwa mwana akuwerenga. Chaka chatha ndinapatsidwa mndandanda wa mayina pafupifupi 20,000 kuti ndichotse obwereza. Ndinalemba loop mkati mwa loop, dzina lililonse kuliyerekeza ndi ena onse. Ndi mayina 200 oyesera zinkatha nthawi yomweyo. Ndi mndandanda weniweni laputopu inangotentha, ine n'kumaganiza kuti yagwidwa virus. Mnzanga wina anandiwerengera pa pepala: n(n−1)/2, kutanthauza kuyerekeza pafupifupi 200 miliyoni. Anati ndiponye mayinawo mu set, yomwe sisunga chinthu kawiri, lobwereza lidzaoneka lokha. Zinatha m'kanthawi kochepa. Ndiye kuwerenga kotereku n'kofunika, sindikana. Chomwe ndikukanabe ndi ma proof aataliatali aja. Sindinaonepo bwana akupempha induction, proof ija yochoka pa nambala ina kupita pa yotsatira.

NaDatabase:
Bwana sapempha, koma recursion iliyonse yomwe mumalemba, khodi yodziitana yokha ija, ndi induction yovala malaya ena. Base case, pomwe iyenera kuima, mukaiiwala pulogalamu imadziitana mpaka kugwa. Ndipo set yomwe inakupulumutsaniyo ndi umodzi mwa mitu yoyambirira ya kosi yomwe mukumuuza mwanayu kuti angoidutsa. Ine ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi SQL, chilankhulo chofunsira zinthu mu database. Tebulo la mu database ndi relation, mawu omwewo a mu Discrete, ndipo Edgar Codd ndi amene anayala maganizowa mu 1970 ali ku IBM. UNION, INTERSECT, JOIN, zonsezi ndi ma set. Amene anamvetsa ma relation m'kalasi savutika nazo.

Nasibeko_Y2:
Poti mwatchula induction, ine ndi imene inandigwetsa chaka chatha mpaka ndinalemba sapu. Ndinkaona ngati chinyengo, kuti ukuyamba ndi kuvomereza chinthu chomwe ukufuna kutsimikiza. Ndinadzamvetsa tsiku lina kumudzi tikututa njerwa za tchalitchi. Tinaima mzere kuchokera pa uvuni. Kuti njerwa ifike kwa aliyense pamafunika zinthu ziwiri zokha: woyamba alandire, ndipo aliyense amene walandira apatsire womutsatira. Sukunena kuti munthu wa nambala k walandira kale ayi. Ukunena kuti ngati walandira, apatsira mnzake. Ziwirizi zikakhalapo, mzere utalike bwanji njerwa ifika.

Yesera pa ichi: 1+3+5 mpaka manambala a odd okwana n, yankho ndi n×n. Woyamba: 1 ndi 1×1, walandira. Tsopano ngati zili zoona pa k, wotsatira ndi 2k+1, ndipo k×k + 2k + 1 ndi (k+1)×(k+1). Wapatsira. Pa sapu ndinakhoza bwino kuposa maphunziro ena onse.

Langizo langa kwa mayaro, ophunzira atsopanonu: musawerenge kosi iyi ngati nyuzi. Tsekani kope, tengani pepala, lembani proof nokha. Matanthauzo okha ndiwo muloweze liwu ndi liwu, chifukwa proof iliyonse imayambira pamenepo. Ndipo pezani anzanu atatu kapena anayi, mutu umodzi susenza denga. Ukamafotokozera mnzako ndi pomwe umazindikira pomwe wadumpha.

Mlonda_wa_Netiweki:
Palibe watchula za chitetezo. PIN ya manambala anayi ili ndi njira 10,000, kuchokera 0000 mpaka 9999. Wina akalamula kuti nambala isabwerezedwe poganiza kuti akulimbitsa, njira zimatsika kufika 10×9×8×7, yomwe ndi 5,040. Wafooketsa m'malo molimbitsa, ndipo wosadziwa kuwerenga kotere sangaone. Mod ya a WaBawo ija pamodzi ndi ma prime ndi zomwe zili mkati mwa RSA, njira yobisira uthenga yomwe Rivest, Shamir ndi Adleman anapanga mu 1977. Kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta, koma kupatsidwa yankho kuti upeze ma prime aja n'kovuta zedi. Loko yonse yagona pamenepo.

WaBawo:
Ndiye agogo anali pafupi ndithu.

Chinamwali_Boy:
Funso la pigeonhole lomwe linabwera nthawi yathu: m'chipinda muli anthu 13, onetsa kuti awiri anabadwa mwezi umodzi. Ndinataya nthawi kufuna formula pomwe yankho ndi loti miyezi ilipo 12 yokha.

Mphunzitsi_wa_ku_Domasi:
Ndiwonjezere kambiri kochepa, chifukwa kamalimbitsa mtima. George Boole analemba za algebra ya zoona ndi zabodza cha m'ma 1850, kompyuta kulibe, ndipo kwa zaka zambiri inkaoneka nkhani ya anthu oganiza basi. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT, anaonetsa kuti algebra yomweyo imalongosola ma switch a magetsi, kuyaka ndi kuzima. Foni yomwe ukuwerengerapo uthengawu yadzaza ndi AND, OR ndi NOT omwe ukujambula m'kopemo.

Yaro_wa_Chikanda:
Akuluakulu, mwandithandiza kuposa momwe ndimayembekezera. Magetsi anazima ndiye ndakhala ndi tochi ya foni kuyesa funso lotsatira ndekha: onetsa kuti odd kuchulukitsa ndi odd ndi odd. Ndalemba chonchi. Nambala yoyamba 2a+1, yachiwiri 2a+1. Kuchulukitsa ndapeza 4a×a + 4a + 1, yomwe ndi 2(2a×a + 2a) + 1, ndiye ndi odd. Kodi zili bwino?

Nasibeko_Y2:
Wayandikira kwambiri, ndipo wayambira pa tanthauzo, chomwe ndi chachikulu. Koma taona: ukaika a=1 manambala ako ndi ati? Nanga 3×7 alowa bwanji mu proof yakoyo?

Yaro_wa_Chikanda:
Aaa ndaona! Ndagwiritsa a kawiri, ndiye ndangoonetsa za 3×3, 5×5, nambala ndi iyo yomwe. Yachiwiri ikhale 2b+1. Ndiye ndipeza 4ab + 2a + 2b + 1, yomwe ndi 2(2ab + a + b) + 1. Popeza a ndi b ndi manambala athunthu, za mkatizo ndi nambala yathunthu, choncho yankho ndi odd.

NaDatabase:
Ndi imeneyo mchimwene. Chiganizo chomalizacho chokhudza manambala athunthu usamachisiye, ambiri amataya malikisi pamenepo.

KhodiYokha:
Wakhoza aise. Koma Python usaisiye. Lemba kapulogalamu kosindikiza truth table ya chiganizo chilichonse cha p, q ndi r, mizere ikhala 8. Uphunzira zonse ziwiri nthawi imodzi. Ikakuvuta nditumizire khodi ndiione.

Nasibeko_Y2:
Loweruka 2 koloko masana timakumana anthu asanu ku Chikanda komweko, sabata ino tikuchita ma set ndi proof by contradiction, yoyamba ndi kukana chiganizo n'kuonetsa kuti kukanako kumadzitsutsa. Ubwere ndi pepala lambiri. Usanabwere yesa ili: ngati n×n ndi even, onetsa kuti n ndi even. Njira yolunjika ikakukanika, kumbukira bwalo louma la aphunzitsi lija.

Yaro_wa_Chikanda:
Ndibwera achemwali, ndipo ndibwera ndi mnzanga wa chipinda chimodzi, nayenso zamuvuta. Ndiye ndiyambe ndi kunena kuti n ndi odd, eti? Ndiyesa usiku uno magetsi akayaka.